Bambo adasiya masitolo kuti azilipirira ana fizi, wakfu tiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Asalaam aleikum abale. Bambo adatisiya miyezi inayi yapitayo. Asiya masitolo atatu pamsika wina ku Mangochi, ndipo ankakonda kunena kuti lendi yake izilipirira fizi ana amasiye ndi kumupatsa kangachepe mwalimu wa madrasa. Achimwene ali ku Joni, pamaliro sadabwere, ngakhale ya sanda sadatumize, koma lero akuimba usiku uliwonse kuti tigulitse. Alamu atenga kale njinga yamoto, ati akuisunga. Amalume akuti zonse nza mbumba. Chonsecho amene ndidagona nawo kuchipatala milungu isanu ndikuwachapira ndine. Tulo sindikulipeza. Ndamva kuti chuma choperekedwa kwa Allah kuti phindu lake lizithandiza anthu chonchi amati wakfu. Wakfu imeneyi timayamba bwanji?

Ustazi wa pa Gulu: Allah awakhululukire bambo anu. MUSAGULITSE! Umar, mnzake wa Mtumiki, atapeza munda ku Khaybar ku Arabia, Mtumiki (SAW) adamuuza kuti asunge mundawo, zokolola apereke sadaka. Wakfu sigulitsidwa, sipatsidwa munthu, silowa m'chuma chamasiye. Sukulu yaikulu ya Al-Azhar ku Cairo yaphunzitsa anthu zaka zoposa 1,000, ndipo kwa zaka mazana ambiri inkadalira kwambiri wakfu. Ife tingodikira zopempha kwa Aluya mpaka liti?

Mayi wa ku Ntaja: Kwathu agogo adapereka chigayo ku mzikiti. Komiti idadya mpaka injini idafa, lero muli mbuzi. Ndikadutsapo misozi imalengeza.

Ustazi wa pa Gulu: Mayi, kuba kwa komiti yanu kusanyozetse sunna!

Mayi wa ku Ntaja: Ndanyoza pati, Ustazi? Inu mudasungako ndalama za gulu?

Wa Kabaza: Yambani mwalanda kaye njingayo, alamu osunga katundu sabweza.

Mtchona: Mukuweruza achimwenewo musanawamve. Ku Joni kuno anthu tikugona asanu m'chipinda chimodzi, kumudzi mumaona ngati timatola ndalama pamsewu.

Mphunzitsi Wopuma: Mwanawe, pepa. Sunatiuze chachikulu: bambo adapereka masitolowo ali bwinobwino pamaso pa mboni, kapena ankangofuna, kapena adanena ali gone kuchipatala? Ngati ndi wasiya (wilo) kapena mawu a m'matenda a imfa, sizipitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse, pokhapokha olowa chuma atavomera. Nanga malowo ali ndi lizi kapena nga mfumu? Pita kwa shehe ndi mbonizo, kenako kwa loya akuuze zolembetsa matrasti, anthu oyang'anira chumacho.

Ustazi wa pa Gulu: Ndipo ndalamazo zipite ku madrasa yokha. Za sukulu boma lilipo.

Mphunzitsi Wopuma: Ayi Ustazi, wakfu imatsata zimene wanena mwini. Wati fizi ya amasiye. Komanso gawo lina la lendi lizisungidwa lokonzera denga, apo ayi zithera ngati chigayo cha amayi aja.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu aja tsopano akuti njingayo bambo adawapatsa okha. Ndiye nditani?

Mphunzitsi Wopuma: Mwanawe, za mboni zija?