Mikanda ikufumbutuka m'manda, tiinyamule bwanji?

Wofukula: Akuluakulu, tigaireni nzeru. M'manda akale omwe tikufukula muli timikanda tagalasi tosaposa mamilimita 3, m'khosi ndi m'chiuno. Tabuluu n'tolimba, koma tachikasu tikangoti tikhudze ndi bulashi tikusanduka ufa. Kudzanja kuli makoza amkuwa. Tizitola kamodzikamodzi?

Wa ku labu: Ayi achimwene, musatole. Chingwe chinaola kalekale, chomwe chagwira mizereyo ndi dothi basi. Mukatola mudzatsala ndi mulu wa mikanda, osadziwanso ngati unali mkanda wa m'khosi kapena inasokeredwa pansalu. Jambulani kaye muli pamwamba penipeni, sikelo ili pambali. Ikani mthunzi kuti dothi liume pang'onopang'ono. Kenako kumbani kangalande mozungulira, masentimita 5 kuchoka pomwe mikanda yathera, phimbani chibuluma cha dothicho ndi pulasitiki wopyapyala, kulungani bandeji ya pulasitala katatu. Ikauma lowetsani lata pansi, munyamule chonse.

Wofukula: Nanga tachikasuto? Tithire Paraloid, mankhwala aja olimbitsira zinthu zofumbutuka?

Wa ku labu: Inde, Paraloid B-72, magalamu 5 osungunula mu asetoni (mankhwala amadzimadzi osungunulira) wokwana mamililita 100, modontheza, osapaka. Koma dothi likhale louma. Pachinyezi amangoyera pamwamba ngati mkaka osalowa. Madzi ndiye musayerekeze: khungu la galasilo linadyeka kale, likanyowa n'kuumanso limasendeka.

Woyeza zaka: Mayi a ku labu anena zoona, koma mankhwalawo asayandikire makoza. Dzimbiri la mkuwa limateteza ulusi kuti usaole. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi Siavonga ku Zambia, komwe manda anapezeka mu 1960 ali ndi mikanda yagolide, yagalasi ndi mpande, nsalu inapulumuka pomwe inakhudzana ndi mkuwa. Nsalu yathonje ya kumeneko ndi imene inayezedwa, ndipo mu 2017 zinadziwika kuti mandawo ndi a pakati pa 1480 ndi 1640. Zaka timayeza ndi kaboni wa mu ulusiwo, ndiye Paraloid, poti ali ndi kaboni wake, amasokoneza zaka. Kaulusi kalikonse kakulungeni mu foyilo musanathire kanthu. Patulaninso mikanda ingapo ya mtundu uliwonse yosathira mankhwala, yokayeza komwe galasi linachokera.

Wa ku labu: Ndi sefa yomwe. Ya mamilimita 5 ija imadutsitsa mikanda yonse. Dothi la m'manda lidutse pa ya milimita imodzi, la kukhosi thumba lake, la m'chiuno lake.

Wofukula: Zamveka. Lata tili nalo, asetoni ndiye wachepa, tiyamba ndi kukhosi.