Ulendo wa ana asukulu kukaona nyama ku Kasungu National Park: ndithandizeni maganizo

Moni nonse pagulu pano. Ine ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 pasukulu ina ya pulaimale kuno ku Kasungu, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe yomwe ili ndi ana 42. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana amenewa anabadwira m'boma lomwe muli paki yachiwiri pakukula m'Malawi muno, pambuyo pa Nyika, koma njovu amangoiona m'buku, ndipo ochepa amene kwawo n'kufupi ndi malire a nkhalango amaidziwa ngati chilombo chodya chimanga usiku basi.

M'kalasi ndawafotokozera kuti m'zaka za m'ma 1970 pakiyi inali ndi njovu zoposa 1,000, kuti opha nyama mozembera anazitha mpaka zinatsala pafupifupi 50 pofika 2015, ndiponso kuti mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kudzaikidwa kuno pamodzi ndi njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Mwana wina anandifunsa kuti njovu imakwera bwanji galimoto, ndipo ndinaona kuti choko chafika pamapeto ake, kwatsala n'kupita nawo.

Makolo asonkha ndalama ya basi, koma ulendo ndi umodzi wokha, choncho sindikufuna kulakwitsa mwezi. Kodi tipite mu Julaye sukulu isanatseke, kapena tidikire Okutobala? Nkhawa yanga yaikulu ndi kashembe, chifukwa yunifomu yathu ndi ya buluu, ndipo ndinawerenga kuti ntchentche imeneyi, yomwe imafalitsa matenda a kaodzera, imakopeka ndi mtundu umenewu komanso wakuda. Amene munapitako ndi ana, munatani?

Yankho la bambo wa ku Santhe:
Aphunzitsi, dikirani Okutobala ngakhale kuti kudzakhala kotentha. Nkhalango ya Kasungu ndi ya miombo yothinana, ndipo udzu ukadali wautali njovu ikhoza kuima pafupi ndi msewu inu osaiona. Nthawi ya chilimwe timitsinje timauma, nyama n'kumasonkhana kudamu la Lifupa, komwenso mvuu sizisowa. Mukafike pachipata m'mamawa kwambiri, chifukwa dzuwa likakwera nyama zimabisala mumthunzi.

Yankho la mayi wa ku Mchinji:
Aphunzitsi anzanga, za yunifomuzo mwaganiza bwino. Pemphani ahedi kuti tsikulo ana avale zovala zotuwa kapena za khaki, za manja aatali, ndipo mawindo a basi azitsekedwa mukamadutsa m'mitengo yowirira, popeza kashembe amatsatira galimoto yoyenda. Mwana akadzatentha thupi pambuyo pa ulendowo, makolo akauze adokotala kuti anapita kupaki. Padamu pasapezeke mwana woyandikira madzi. Mvuu imaoneka yaulesi koma pamtunda imathamanga kuposa munthu. Mupemphenso msilikali wa zanyama kuti ayende nanu, ndipo ngati nthawi ilipo akakuonetseni ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo.

Mphunzitsi:
Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Tasankha Okutobala, ndipo nkhani ya zovala ndikaitula kwa ahedi Lolemba. Chatsala n'chakuti ana 42 kwa aphunzitsi awiri ndi ambiri. Kodi ndiwonjezere makolo angati?