Tizipinda toimbiramo foni ku ofesi, ndiike galasi lanji kuti anthu asamaonekere?

Wofunsa:
Abale anga a m'gulu muno ndithandizeniko maganizo, makamaka inu amene mumagwira za magalasi kapena munakonzetsapo ofesi. Kuntchito kwathu tonse timakhala m'holo imodzi yaikulu, madesiki ndondondo opanda makoma, nde chaka chatha abwana anagula tizipinda titatu tija toimbiramo foni, ma booth aja oti munthu mmodzi amalowa n'kudzitsekera. Kumbali ya phokoso sindinganame zili bho, munthu akalowamo mawu ake amangomveka ngati ali kutsidya. Vuto ndi maso. Chitseko ndi galasi loonekera kuyambira pansi mpaka pamwamba, kumbuyo nakonso galasi, ndiye ukakhala mkatimo umangokhala ngati chidole cha pawindo la sitolo ya zovala, aliyense wodutsa akuponyere diso basi.

Sabata yatha mnzathu wina analandira foni ya uthenga woipa wakumudzi, anathawira mu booth kuti akalire payekha, koma ofesi yonse imamuona akusisima, ena kuweramira pa kiyibodi kunamizira kugwira ntchito, ena kumayang'anitsitsa, ine zinandipweteka mtima. Ndiye palinso mkulu wa ku akaunti amakonda kulowamo ndi laputopu, tsiku lina anatsegula pepala la malipiro atafulatira galasi, anthu awiri anaona zosayenera kuona mpaka lero nkhani sinathe kkkk. Abwana angondiponyera ine kuti "mayi konzani zimenezi". Ndafunsako kwa okonza, wina akuti timate frosted film, kapulasitiki komata pagalasi kuti lichite chifunga, wina akuti tichotse magalasi onse tiike ena achifunga, wina akuti tinti ngati ya galimoto, wachinayi akundinyengerera smart glass yosintha ndi switchi. Mutu wanga wazungulira. Ndiyambire pati? Komanso kodi galasi lachifunga limachepetsanso phokoso kapena ndi maso okha?

Woyankha 1:
Mayi, ine magalasi ndi ntchito yanga, ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndi limene limapusitsa anthu ambiri. Chifunga sichichepetsa phokoso ngakhale pang'ono. Mawu amatchingidwa ndi kulemera kwa galasi, kapulasitiki ka PVB kamene kamakhala pakati pa magalasi awiri mu laminated, komanso malabala a m'mbali mwa chitseko. Nde poti mwanena nokha kuti phokoso lili bho, galasi limene lilipolo musalichotse. Opanga ma booth enieni amayesa kachipinda konse pamodzi, pali muyezo wa ISO 23351-1 wa 2020 umene umaika ma booth m'magulu, gulu A ndi lochepetsa mawu ndi ma decibel 30 mpaka 33, ndiye mukachotsa chitseko chawo n'kuika china manambala amenewo mwataya, mwinanso ndi warranty yomwe.

China, pitani mukayang'ane pakona pa galasilo, pamakhala kachidindo kakang'ono. Ngati palembedwa tempered kapena EN 12150 dziwani kuti limenelo ndi galasi lolimbitsidwa mu uvuni, silidulidwa, silibooledwa, ukangoyesa limaphulika n'kukhala timiyala. Zibowo za mahinji zimabooledwa lisanalowe mu uvuni. Kutanthauza kuti galasi latsopano liyenera kuodedwa ndi miyezo yeniyeni, akaphonya mamilimita awiri chitseko sichigwira labala, mawu ayamba kutuluka. Ndipo galasi ndi lolemera mayi, 2.5 kg pa sikweya mita pa milimita iliyonse, la 10 mm ndi 25 kg pa sikweya mita, mukaika lokhuthala kuposa lakale mahinji ayamba kugwa mphwayi chitseko n'kumakhula pansi. Ine ndikanakhala inu ndikanamata film. Ikakukanikani mumangoimatula.

Woyankha 2:
Osavutika madam ingoikani tinti ya mirror ija, wamkati amaona kunja wakunja amangodziona yekha. Nkhani yatha.

Woyankha 1:
Achimwene ayi musawasocheretse. Tinti ya mirror ilibe matsenga, imangotsatira kumene kuli kuwala kwambiri. Pa nyumba imagwira masana chifukwa kunja kuli dzuwa mkati muli kamdima, koma usiku mukayatsa getsi wodutsa panja amakuonani bwinobwino inu n'kumadziona nokha. Tsono booth ili mkati mwa ofesi ndipo ili ndi getsi lake pamutu penipeni pa munthu, nthawi zambiri mkatimo ndi mowala mofanana kapena kuposa kunja. Mapeto ake wamkati azidzinamiza kuti wabisala pamene ofesi yonse ikumuonerera. Bola galasi loonekera, munthu amadziwa kuti akuonedwa.

Woyankha 2:
Aaa nde n'chifukwa chake aneba amandipatsa moni usiku ndili pabalaza eti kkkkk chabwino ndagonja

Woyankha 3:
Ine ndingokuchenjezani chinthu chimodzi achemwali, musamate galasi lonse. Kwathu tinachita zimenezo, pansi mpaka pamwamba mbee, sabata yoyamba aliyense anasangalala. Kenako zinayamba. Sudziwa ngati muli munthu kapena mulibe nde anthu amangokoka chitseko, iwe uli pakati pa intavyu wina wasuzumira kale "aa pepani". Ena anasandutsa chipinda chogona, munthu kulowa itangokwana 1 koloko kutuluka 3 koloko maso ali psuu, amene akufunadi kuimba foni akuzungulira panja. Koma chimene chinatisinthitsa maganizo ndi tsiku limene mnzathu wa matenda a shuga anafooka ali mkati, palibe anaona, anamupeza ndi mayi wokolopa. Ali bwino panopa koma tsiku lomwelo tinamatula pansi ndi pamwamba n'kusiya lamba wapakati. Miyendo izioneka, kuti uzidziwa muli munthu ndipo wakhala bwinobwino pampando.

Komanso kachipinda kaja n'kakang'ono, sikweya mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ukatseka maso mbali zonse ena amabanika ngati atsekeredwa mu wadirobu, sakhalitsamo.

Woyankha 4:
Za smart glass ndiyankhepo poti tili nayo mu chipinda cha mitingi. N'njokongola, alendo amadabwa nayo, koma mudziwe mmene imagwirira. Mkati mwake muli ka film ka PDLC, magetsi akamadutsa timadzi ta kristalo timafola mzere galasi n'kuonekera, mukazimitsa timabalalika galasi n'kuchita chifunga. Ndiye magetsi akazima limakhala lachifunga, zomwe kumbali yobisa zili bwino. Koma ngakhale litayatsidwa silioneka mbee ngati galasi wamba, ukaliyang'ana chammbali limakhala ndi kautsi. Limafuna transformer yake ndi waya, tsono pa chitseko choti chizitsegulidwa kambirimbiri patsiku wayayo amadutsa cha pa hinji ndipo ndi pamene pamayambira mavuto. Ndipo chimene palibe anatiuza n'choti anthu amaiwala switchi. Munthu wolira ngati mnzanuyo sangayambe wafufuza batani. Pa chipinda cha mitingi ndingavomereze, pa booth ya munthu mmodzi ndi kuononga ndalama za kampani.

Woyankha 5:
Mayi mwasakaniza mavuto awiri, nkhope ya munthu ndi sikirini, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ine ndili ku IT. Akaunti wanuyo wina amuuza kuti agule privacy filter, kapulasitiki kophimba sikirini ya laputopu, ngati za 3M zija, n'zabwino koma zimadetsa sikirini kwa amene ali chammbali, kupitirira madigiri pafupifupi 30 mbali iliyonse. Amene waima kumbuyo kwenikweni amaona zonse ngati mwini wake. Nde ngati munthu wafulatira galasi filter sikuthandiza kanthu. Choyamba tembenuzani booth kapena kadesiki kuti msana wa laputopu ndi umene uziloza kumene kumadutsa anthu, ngati galasi lakumbuyo lili poyera likankhireni kukhoma. Zaulere zimenezo.

Palinso film ina ya kampani ya Designtex yotchedwa Casper, galasi limaonekabe koma sikirini ya LCD kapena LED imaoneka yakuda bii kwa amene ali kunja, imasewera ndi mmene kuwala kwa sikirini kumatulukira. Pa sikirini ya mtundu wa OLED siigwira, ndipo mafoni ambiri atsopano ndi malaputopu ena ndi OLED. Komanso nkhope siibisa, pepala lili padesiki siibisa. Kwa inu ndikuona ngati siyofunika, ndangotchula kuti wina asakugulitseni ngati yothetsa zonse.

Wofunsa:
Zikomo nonse ndikuwerenga. Achimwene a magalasi, nanga kusiyana kwa film ndi galasi lachifunga lenileni n'kotani, poti abwana anga amakonda zinthu zooneka zodula, akangomva kuti "sitika" akwinya nkhope. Ndipo lamba amene akunena achemwali apawa ayambire pati kulekeza pati?

Woyankha 1:
Lachifunga lenileni lilipo la mitundu iwiri. La sandblast amalipopera mchenga, limakhala lokhakhala ndipo limagwira mafuta a m'manja, pa chitseko choti aliyense azikankha ndi dzanja mudzatopa nalo kupukuta. La acid-etched amalidyetsa asidi kufakitale, ndi losalala ndipo silidetsedwa msanga, limenelo ndiye labwino mukanakhala kuti mukugula booth yatsopano n'kuuza opanga aikiretu. Palinso la mizeremizere lija la reeded, lokongola zedi, limaswa chithunzi cha munthu koma mitundu ndi kayendedwe zimaoneka, ndipo munthu akayandikira nkhope imazindikirika ndithu. Koma film yabwino yomatidwa ndi munthu wodziwa, abwana anuwo ataima mita imodzi sangasiyanitse ndi acid-etched. Osawauza kuti sitika, auzeni kuti film kkk.

Chimodzi mudziwiretu, chifunga chilichonse chimabisa bwino chinthu chimene chili patali ndi galasi. Ikani dzanja pagalasi lachifunga muona zala zonse, libwezeni masentimita 30 lisanduka mthunzi. Mu booth munthu amakhala pafupi kwambiri ndi galasi ndiye musasankhe film yopepuka ija yongoti mbuu pang'ono, pemphani masampulo atatu osiyana kulimba kwa chifunga muyesere pa booth pomwepo getsi lamkati lili choyaka.

Za lamba, anthu amalakwitsa poyeza munthu wokhala pansi yekha. Amati mutu wake uli cha pa 1.2 kapena 1.3 mita nde lamba alekeze pa 1.4. Aiwala kuti woyang'anayo waimirira, maso ake ali cha pa 1.6 mita, akafika pafupi amangosuzumira pamwamba pa lamba n'kuona zonse mpaka sikirini. Lamba adutse maso a munthu woimirira. Manambala enieni sindikupatsani chifukwa ma booth ena ali ndi mpando wautali ena munthu amaimirira. Tengani mapepala ndi selotepi, matani, wina akhale mkati inu muziyenda panja mbali zonse.

Woyankha 6:
Kungoonjezera, lambayo amathandizanso kuti anthu asamaombe mphuno pagalasi. Ku England malamulo a zomangamanga, Approved Document K, amafuna kuti magalasi akuluakulu oonekera akhale ndi zizindikiro pa misinkhu iwiri, 850 mpaka 1000 mm ndi 1400 mpaka 1600 mm kuchokera pansi. Lamba wanu akaphimba misinkhu imeneyo ndiye kuti nkhani yoombana ndi galasi yatheranso pomwepo.

Woyankha 7:
Ine mundikhululukire ndiyankhula ngati mzimayi. Lamba ali bwino koma kumunsi muganizire ovala masiketi, makamaka ngati mpando uli wautali ndipo wayang'ana kugalasi, musangoti miyendo izioneka basi. Lamba atsike mpaka kubisa maondo, kuoneke mapazi okha, n'zokwanira kudziwa kuti muli munthu. Ndipo wina asadzanene kuti poti mwamata film ndiye amayi oyamwitsa azikakamira mkaka mmenemo, ayi, imeneyo ndi nkhani ya chipinda chenicheni cha khoma ndi loko.

Woyankha 3:
Apa mwanena zoona mayi, ife sitinaganizeko, mawa ndikayang'ana zathu zija.

Wofunsa:
Ndabweranso abale. Dzulo titaweruka ndinatsala ndi anzanga awiri tinamata mapepala ngati munanenera. Poyamba ndinalekeza pa 1.5 mita, mnzathu wamtali anangofika n'kuwerenga zimene zinali pa laputopu mokweza kkkk ndinachita manyazi. Takweza mpaka 1.8 mita, pansi tayambira pa 40 cm potsatira mayi aja a masiketi, ndipo nditakhalamo ine ndemwe sindinabanike chifukwa pamwamba kuwala kukulowa ndipo mapazi a odutsa ndikuwaona. Chimene sitinayembekezere ndi masitepe, booth imodzi ili pafupi ndi masitepe opita m'mwamba nde wotsika amaona mkati monse kudzera pamwamba pa lamba, imeneyo tangoitembenuza chitseko chaloza kwina, galasi lakumbuyo lagunda khoma. Pakona ndapezadi kachidindo ka tempered. Ndalembera amene anatigulitsa kufunsa ngati film ikhudze warranty, ndikudikira ayankhe ndisanaitane omata. Funso lotsala, imatidwe mkati kapena kunja?

Woyankha 1:
Kumene sikukhudzidwa kwambiri. Pa booth ine ndimamata mkati chifukwa kunja kumadutsa zikwama, mipando ndi okolopa, koma ngati kadesiki kagundana ndi galasi onani kuti laputopu isamakande. Amata ndi madzi nde masiku oyamba muona timatuza ndi kautsi, musaboole ndi singano, timauma tokha pakatha masabata angapo. Auzeni okolopa asapukute mpaka iume, ikauma nsalu yofewa ndi madzi a sopo basi, osati sitilu waya. Ndipo omatawo asiye kampata kakang'ono m'mphepete, film isalowe pansi pa labala wa chitseko.

Wofunsa:
Ndalemba zonse achimwene. Mapepala aja sitinachotse, m'mawa uno ndapeza anthu akulimbirana booth yomatidwayo, ziwiri zinazo zili mbee opanda munthu.