Alemba pakhoma kuti nyumba yanga ikugulitsidwa: kodi lamulo likuwalola?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa malamulo a ngongole. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kwa Nchalo, ndipo ndimapikula chitowe ndi mapira kwa alimi a m'dera la Ngabu n'kumakagulitsa ku Limbe. M'chaka cha 2022 ndinabwereka K2,500,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo chikole chinali mapepala a nyumba imene tinamanga ndi malemu bambo a kunyumba. Ndinkabweza bwinobwino mpaka mwezi wa Marichi 2023, pamene madzi a namondwe wa Freddy analowa m'chipinda chimene ndinkasungiramo katundu. Matumba onse anawola, ena mpaka kumera. Chiyambire nthawi imeneyo ndakhala ndikupereka mwa apo ndi apo, ndipo marisiti onse ndinasunga m'chitini cha mabisiketi.

Lachiwiri lapitali kunabwera anyamata atatu pa galimoto ya bungwelo. Ananyamula firiji ndi wailesi yakanema, kenako mmodzi anatulutsa penti yofiira n'kulemba pakhoma loyang'ana kumsewu kuti nyumbayi ikugulitsidwa, ana anga akuona, oyandikana nawo nyumba ataima pampanda. Nditafunsa kalata ya kukhoti, anandionetsa pepala la ku ofesi kwawo lonena kuti ngongole yafika pa K4,100,000 ndipo ndili ndi masiku 14 okha. Ngongoleyo sindikuikana ayi, koma sindikumvetsa mmene yakwerera chotere pamene ndabweza kale ndalama zoposa theka la zimene ndinatenga. Kodi ali ndi mphamvu zolanda katundu wa m'nyumba amene sanalembedwe pa mgwirizano? Nanga nyumba angaigulitse m'masiku ochepa chonchi?

Yankho loyamba:
Mayi, pepani ndi zimene zakuchitikiranizi. Nkhani yanu ili pawiri. Katundu amene simunapereke ngati chikole sangatengedwe ndi antchito a bungwe paokha; amene amalanda katundu chifukwa cha ngongole ndi asherifu, ndipo amatero khoti litagamula, atanyamula chikalata cha khotilo. Za nyumba ndi zina, ndipo sindikufuna kukunamizani. Ngati munasaina kuti nyumba ndi chikole ndipo chikolecho chinalembetsedwa ku ofesi ya za malo, wobwereketsa angathe kuigulitsa ngakhale osadzera kukhoti. Komabe pa malo olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, ayenera kuyamba wakupatsani chidziwitso cholemba n'kudikira miyezi itatu, osati masiku 14. Ayeneranso kugulitsa mosakuponderezani pa mtengo, ndipo ndalama zotsala akachotsa ngongole ndi zolipira pogulitsa ndi zanu. Tengani mapepala a nyumbayo pamodzi ndi mgwirizano wa ngongole mupite nawo ku Legal Aid Bureau, kumene amathandiza anthu osatha kulipira loya, kuti akaone mtundu wa chikole chimene munasaina ndiponso ngati n'koyenera kukapempha chiletso kukhoti.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezere pa zimene anena achimwene pamwambapa. Alembereni kalata abwana a nthambi imene munatengako ngongole, mupemphe sitetimenti yosonyeza ndalama zimene munabwereka, chiwongoladzanja, zilango zochedwera kubweza ndi zonse zimene mwapereka, ndipo kope lanu alidinde chidindo cha tsikulo. Musadalire zokambirana pafoni, chifukwa mawa adzazikana. Akapanda kuyankha, dandaulo lanu lipite ku Reserve Bank of Malawi, popeza ndi imene imapereka ziphaso kwa mabungwe oterewa potsata Microfinance Act ya 2010. Liliponso lamulo lakale la Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu zounikanso mgwirizano ngati chiwongoladzanja chili chopyola muyezo. Ambiri timangoganiza kuti limakhudza akatapila okha. Khomalo lijambuleni musanafufute pentiyo, ndipo anthu awiri amene anaona firiji ikukwezedwa m'galimoto akhale okonzeka kuperekera umboni.

Yankho lachitatu:
Malamulowo ndi abwino, koma chiletso chimangoimitsa kugulitsa, sichifafaniza ngongole, ndipo pamene mlandu ukuyenda chiwongoladzanja nachonso chimayenda. Ngati muli ndi ng'ombe kapena mbuzi kumudzi, gulitsaniko zingapo, mupite ku ofesi kwawo ndi ndalama m'manja n'kupempha kuti akukonzereni ndondomeko yatsopano yobwezera, yolembedwa ndi yosainidwa. Ndalamazo musapatse anyamata obwera kunyumba, kalipireni pakauntala mulandire risiti.

Yankho la mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Ndautulutsa mgwirizano uja n'kuuwerenganso ndi mwana wanga wamkulu, ndipo firiji ndi wailesi yakanema sizinatchulidwe paliponse. Tapezanso kuti risiti ya K180,000 imene ndinapereka mu Ogasiti chaka chatha sinawerengeredwe pa pepala limene anandisiyira. Mbuzi ndili nazo zisanu ndi ziwiri kwa achimwene anga ku Bangula, koma zitatu zili ndi bere, choncho ndigulitsa zinayi. Kalata ya kwa abwana a nthambi ndikapereka Lolemba m'mawa. Funso latsala ndi ili: popita ku Legal Aid ndinyamule mapepala enieni a mgwirizano, kapena mafotokope akwanira? Ndikuopa kuti akandisowera panjira ndilibe ena.