Thandizeni pa reel ndi chingwe chowedzera karapau ku Nacala

Moni nonse m'gulu muno, makamaka akuluakulu amene munawedzako m'nyanja ya mchere.

Ndili ku Kasungu, ndipo mwezi wamawa ndikupita kwa alamu anga ku Nacala, ku Mozambique. Akuti karapau amafika pafupi ndi gombe, ndiye ndikufuna ndikawedze nawo. Vuto ndi zida. Ine ndinazolowera milamba ya mu Bua: nayiloni wokhuthala, mbedza imodzi yaikulu, nyongolotsi, basi. Karapau ndi wakamwa kofewa ndipo amayenda m'chigulu, moti amamukola ndi timbedza tanthenga tingapo pa chingwe chimodzi, tija amati sabiki.

Reel (kachipangizo kokulungira chingwe pa ndodo yowedzera) yomwe ndili nayo ndi ya mtundu wa spinning, saizi 2000, yapakaunjika. Ndinaimasula n'kuthira mafuta, koma ikumalirabe kwee kwee ndikamakulunga, ndipo kawaya kogwira chingwe kayamba kale dzimbiri. Ikakumana ndi madzi amchere sindikuona kuti ingapirire. Ndazungulira mashopu a hardware pa boma pano, ndangopeza mbedza ndi twaini wosokera maukonde. Alamuwo ndawafunsa, koma iwo amangoponya chingwe chapamanja, za reel alibe nazo ntchito.

Ndiye ndigule ya saizi 3000 kapena 4000? Nanga chingwe, braid (chingwe cholukidwa ndi timaulusi) yopirira kulemera kwa 15lb kapena nayiloni wa 12lb akukwana? Braid ndikuiopa mtengo, komanso kukakhala mphepo imamanga mfundo zovuta kumasula. Ndigulire ku Lilongwe ndisananyamuke, kapena ku Nampula n'kotchipirako? Chonde ndiunikireni.