Mtovu pa Ge(111): 3×3 yakana kutuluka

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni, sabata yachiwiri ino ndili pa chinthu chimodzi. Sampulo ya Ge(111), nkhope imodzi ya kristalo ya germanium, ndayiyeretsa ndi argon, ndaotcha mpaka c(2×8), kandandalikidwe ka maatomu a germanium yoyera, kuoneka bwinobwino pa LEED (makina oonetsa kandandalikidwe ka maatomu apamwamba ngati madontho pa sikirini). Ndathira mtovu (Pb) 1/3 ML (ML ndi mzere umodzi wa maatomu wokuta pamwamba ponse), kandandalikidwe ka √3×√3 katuluka. Koma ndikaziziritsa ndi nayitrojeni mpaka 100 K (pafupifupi −173 °C), madontho a 3×3, kandandalikidwe kamene √3×√3 imasanduka ikazizira, osabwera, pamene asayansi Carpinelli ndi anzake mu 1996 anawaona pansi pa 250 K. Ndalakwitsa pati?

Mayi wa LEED: Achimwene, musanaloze chala kuzizirako, √3 yanuyo ndi iti? Pa germanium zilipo ziwiri. Ya α ili ndi atomu imodzi ya mtovu m'kachipinda kalikonse (kagawo ka maatomu kobwerezabwereza), itakhala pa T4 (malo a pamwamba pa atomu ya germanium ya mzere wachiwiri). Ya β ndi yothithikana, maatomu anayi, 4/3 ML. Kukula kwa kachipinda n'kumodzi, pafupifupi 6.9 Å (0.69 nanomita), choncho madontho amagwera pamalo amodzimodzi, kusiyana kuwala kokha. Imene imasanduka 3×3 ndi α basi.

Wofunsa: Mayi, ine ndinangokhulupirira sikelo ya quartz yoyezera kuchuluka kwa mtovu wothiridwa. Inati 0.33, ndinatseka shata ya ng'anjo ya mtovu.

Katswiri wa makina: Eya, 0.33 ya chiyani, bambo? Ambiri amagwa pamenepa. Mzere umodzi wa Ge(111) uli ndi maatomu 7.2×10¹⁴ pa cm², wa Pb(111) uli ndi 9.4×10¹⁴. Ngati makinawo akuwerengera mizere ya mtovu, mwathira 0.43 tikawerengera mizere ya germanium, ndiye β yayamba kale kumera m'mbali mwa α. Komanso kristalo ya quartz sikhala pamene pali sampulo. Ikasendera kutali ndi ng'anjo imalandira zochepa, sampulo n'kumalandira zambiri inu osadziwa. Ine ndimayesanso nthawi zonse tikangotsegula chemba (bokosi lopanda mpweya mmene mumakhala sampulo), ngakhale ntchito ichedwe tsiku lonse.

Mayi wa LEED: Kayezedwe kachidule nkaka. Tenthetsani pang'onopang'ono maso ali pa sikirini. Pafupi ndi 180 °C, β imasanduka 1×1, madontho ake n'kuzilala, mukaziziritsa n'kubwerera. Ya α sichita zimenezo.

Wofunsa: Ndayesa usiku wathawu, magetsi a m'chipinda nditazimitsa. Madontho anazilala ndikuona, kutsala kamthunzi chabe, nditasiya kutentha anabwerera. Ndi β ndithu, yochuluka. Thunthu la quartz ndalipeza litakokedwa m'mbuyo, manambala a m'makina anali akale.

Mayi wa LEED: Musayeretsenso sampulo ndi argon ayi. Mtovu susakanikirana ndi germanium, wotsala umangouluka mukaotcha. Kwezani kutentha pang'onopang'ono, mphindi zochepa, muyang'ane, mubwereze. Mukapyola malire, maatomu a germanium amalowa m'malo a mtovu pa T4, ndipo 3×3 imatuluka yosokonekera.

Wofunsa: Zatheka! Ndaotcha kanayi, √3 sikuzilalanso pa 180 °C. Nditatsitsa ku 100 K, timadontho tofooka ta 3×3 tatuluka pakati pa akuluwo. Zikomo mayi, zikomo bambo. Mawa m'mawa ndiyamba ndi quartz ija ndisanapite ku STM (maikulosikopu yoonetsa maatomu).