Bokosi la mabuku a ana pa holide ya Disembala

Azakhali (Highfield): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya mabuku a ana ija tiimalize sabata ino sukulu zisanatseke. Ana alipo 14. A ECD (sukulu ya mkaka) mpaka Grade 2 ndi 5, a Grade 3 mpaka Grade 7 ndi 6, a sekondale atatu. Nyumba zilipo 7. Nyumba iliyonse ikaponya $15 tipeza $105. Tigule pamodzi, mabukuwo aziyenda nyumba ndi nyumba.

Malume (Mufakose): Ndavomera. Koma ndinene zisanapite patali: ndalama imeneyi isagule mabuku a mayeso. Mapepala akale a ZIMSEC, bungwe la mayeso muno m'Zimbabwe, aliyense agulire wake. Apa tikufuna mabuku oti mwana awerenge atagona chafufumimba pamphasa popanda womukakamiza.

Achimwene (Mbare): Nanga sitingangotola a pamsewu m'tauni muno mu Harare? Ndi otchipa, tingadzaze katoni.

Mlamu (Glen View): Achimwene, ambiri a pamsewuwo ndi okopera pa fotokope. Buku loti lidutse m'manja mwa ana 14 silingakhale limenelo. Guluu wake ndi wochepa, mukalitsegula pakati limathyoka msana, masamba n'kuyamba kugwa. Musanalipire onani zinthu izi. Tembenuzani masamba mwachangu mukuyang'ana manambala, chifukwa okopera amadumpha masamba angapo kapena kubwereza omwewo. Yang'anani zithunzi: zikakhala zotuwa ngati zagwera phulusa, ndi fotokope. Mizere ikapendekera mbali imodzi, kapena timizere ta nambala ya buku (ISBN) kumbuyo tikakhala tosaoneka bwino, lisiyeni. Buku lakale koma lenileni limaposa latsopano lokopera. Akale abwino amapezeka pamsewu pomwepo, bola kusankha.

Achimwene (Mbare): Chabwino aphunzitsi, tamva.

Mlamu (Glen View): Chachikulu kuposa zonse ndi ichi: tisagule poyang'ana kalasi ya mwana, tigule poyang'ana mmene amawerengera. Ana awiri a Grade 5 amatha kusiyana kutali. Nyumba iliyonse iyese ana ake isanakwane Lachinayi. Tengani buku lililonse la nkhani limene muli nalo, tsegulani tsamba la pakati, mwana awerenge mokweza. Mawu aliwonse amene akumuvuta, apinde chala chimodzi. Akamaliza tsamba atapinda chimodzi kapena osapinda n'komwe, bukulo ndi lophweka. Ziwiri kapena zitatu ndiye muyeso wake. Zala zonse zisanu zikapindika tsamba lisanathe, lamukulira, ndipo mukamuumiriza adzadana nalo. Mukatero mufunseni kuti, "Tandiuza, chachitika n'chiyani pamenepa?" Alipo ana amene amatchula mawu bwinobwino koma osamva kanthu. Ameneyo mutsitseni sitepe imodzi ngakhale sanapinde chala.

Ndipo musamudule pakamwa akangokakamira. Muwerengereni mumtima mpaka 5, ayese yekha, kenako mumuuze mawuwo n'kupitirira. Osamukalipira.

Achemwali (Dzivarasekwa): Wanga wa Grade 6 amangofuna azithunzi okhaokha. Ndimuletse?

Mlamu (Glen View): Musamuletse achemwali. Nkhani za zithunzi ndi kuwerenga komwe. Mungomuikira pambali buku la mitu ifupiifupi, masamba 4 kapena 5 pa mutu, azimaliza mutu umodzi patsiku.

Msuweni (Chitungwiza): Za aang'ono asanuwo musawononge ndalama m'sitolo. African Storybook ndi Book Dash amapereka nkhani za ana kwaulere pa intaneti, ndipo amalola kusindikiza. Ndikhoza kutsitsa nkhani 20 n'kukasindikiza. Kachitidwe kake: pepala la A4 limapindidwa pakati n'kupereka masamba 4, ndiye nkhani ya masamba 16 imadya mapepala 4 okha. Wosindikiza muuzeni asankhe booklet, asindikize mbali zonse ziwiri, pepala litembenukire mbali yaifupi. Akatembenuzira yaitali, masamba a kumbuyo amatuluka chadodolido. Ayambe ndi buku limodzi, tilipinde, tione ngati manambala akutsatana, ndiye apitirize enawo.

Makina akhale a laser. Inki ya timapulinta ta m'nyumba imasungunuka ikakhudzidwa ndi madzi, ndipo manja a ana a ECD mukuwadziwa. Chikuto chikhale cha pepala lolimba, la 160gsm kupita m'mwamba.

Azakhali (Highfield): Zamitundu kapena zakuda basi? Mtengo umasiyanatu.

Msuweni (Chitungwiza): A ECD ndi Grade 1 zamitundu azakhali, chifukwa kwa iwo chithunzi ndicho chimanyamula nkhani. A Grade 2 zakuda zikwana, chikuto chokha chamitundu. Pomanga, sitepula wamba safika pakati pa pepala. Tisoke ndi ulusi. Boolani mabowo atatu pamzere wopindawo. Singano ilowe pa bowo la pakati kuchokera m'kati, ibwerere pa la m'mwamba, idumphe mpaka pa la m'munsi, ibwerenso pa la pakati, n'kumanga mfundo mozinga ulusi wautaliwo. Sizichita dzimbiri ndipo sizibaya zala.

Malume (Mufakose): Tsopano za chilankhulo chathu. Ana athuwa Chishona ndi Chingelezi akuthamanga nazo, koma kuyankha agogo awo akuchita chibwibwi. Malamulo a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma lowani m'sitolo ya mabuku mufunse buku la Chichewa muone nkhope ya wogulitsa. Amenewa tiitanitse kumudzi ku Malawi.

Achemwali (Dzivarasekwa): Ndilankhula ndi mphwathu wa ku Blantyre akaone ku CLAIM Mabuku ndi a Dzuka. Ndalama titumiza pa Mukuru. Koma mutiuze oti agule, asakangotola.

Malume (Mufakose): Aang'ono awapezere a nthano za Kalulu ndi anzake, a zilembo zikuluzikulu, ndi limodzi la zilapi ndi miyambi. Zilapi zimakoka ana onse pamodzi, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. A sekondale, Kukula ndi Mwambo la J.W. Gwengwe ndi Njala Bwana la Willie Zingani, ngati alipo. Nthondo la Samuel Ntara, lija linatuluka 1933, ligulidwe koma lisaperekedwe m'manja mwa mwana kuti alimbane nalo yekha. Chichewa chake n'chakuya. Limenelo wamkulu aziwerenga mokweza madzulo, ana akumvetsera ndi kufunsa.

Mlamu (Glen View): Powerenga Chichewa, ana ophunzira kuno amapunthwa malo odziwika. Ph amamutchula ngati f chifukwa cha Chingelezi, phiri n'kukhala firi. Th nayenso amamuika lilime pamano. Ng' ya mu ng'ombe sanaizolowere chifukwa Chishona chimalemba mawu omwewo mwanjira ina. Ndiye tsiku loyamba lembani mawu 10 papepala, phala, thumba, khasu, ng'oma ndi ena otere, muwatchule limodzi musanatsegule buku. Msuweni, nkhani zina pa intanetipo ndi za Chinyanja cha ku Zambia, chimene chimalemba c pamene ife timalemba ch. Si zolakwika, koma muuzeni mwana asanayambe, apo ayi asokonezeka.

Msuweni (Chitungwiza): Ndaona mlamu. Ndizilemba chizindikiro pachikuto.

Azakhali (Highfield): A Chingelezi a ana akuluakulu bwanji? Ndalama yambiri ipita kumeneko.

Mlamu (Glen View): Loyamba likhale The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba. Ndi mwana wa kwathu, wa ku Wimbe ku Kasungu. Anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, n'kupanga makina amphepo otulutsa magetsi ali ndi zaka 14, poonera buku la mu laibulale. Koma wogula asamale, bukuli lili mitundu itatu. La 2009 ndi la akuluakulu, lalitali. La 2012 ndi la zithunzi, la aang'ono. Ife tikufuna la 2015, pachikuto palembedwa Young Readers Edition. Limenelo wa Grade 6 wowerenga bwino alikwanitsa, wa Form 2 salinyoza.

Atsikana a sekondale aja, Hope Is Our Only Wing la Rutendo Tavengerwei, la 2018. Nkhani yake ikuchitikira muno m'Zimbabwe, ana azaka zawo zomwe. Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga ndi la 1988 koma silikalamba. Limenelo lipite kwa wa Form 4 yekha, wa Form 1 ayembekeze. A Grade 4 mpaka 7, nthano za Charles Mungoshi, One Day, Long Ago, lija linapambana mphoto ya Noma mu 1992. Likasowa m'masitolo tikalifufuze ku laibulale.

Achimwene (Mbare): Nanga la NoViolet Bulawayo lija, We Need New Names? Anthu amalitama.

Mlamu (Glen View): N'labwino, koma osati m'bokosi ili. Wofotokoza nkhani ndi mwana, ndiye anthu amaliyesa la ana. M'katimo muli zolemera, mpaka kamtsikana kopatsidwa mimba. Bokosi likafika m'nyumba, wa Grade 5 atola chilichonse. Lamulo likhale lakuti buku lililonse la a sekondale wamkulu mmodzi aliwerenge kaye, ngakhale mitu itatu yoyamba ndi umodzi wa pakati.

Malume (Mufakose): Wa Form 4 uja akamaliza mayeso mabuku atatu samukwana. Akalembetse ku Harare City Library pa Rotten Row, azibwerekanso ndi za azing'ono ake. Ndalama yolembetsera ndilipira ine, isachoke m'thumba la gulu.

Achemwali (Dzivarasekwa): A ku Blantyre abwera pa basi, kudzera Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Ino ndi nyengo ya mvula ndipo pa malire katundu amatsitsidwa. Ndimuuza mphwathu akulunge mabuku m'mapulasitiki awiri asanaike m'katoni, amate selotepi m'makona monse, lisiti aike pamwamba m'katimo, chithunzi chake atitumizire.

Agogo (Highfield): Ana inu, mabukuwo musaike pansi. Chiswe sichigona.

Azakhali (Highfield): Mwanena zoona amayi. Tigwiritsa bokosi lachitsulo lili kuno, likhale pa njerwa kapena pa tebulo, osagunda khoma chifukwa cha chinyezi. Buku lililonse likutidwe ndi pulasitiki wooneka m'kati, selotepi igwire pulasitiki yekhayekha osati chikuto, chifukwa ikakalamba imasiya banga ndi kung'amba pepala. M'kati mwa chikuto tilemba nambala, ndipo m'bokosimo mukhala kope la kaundula: nambala ya buku, wabwereka, tsiku. Mwana mmodzi mabuku awiri, masabata awiri.

Achimwene (Mbare): Likatayika?

Azakhali (Highfield): Nyumba imeneyo igule lina. Koma long'ambika powerenga tisakalipire mwana, tingomata. Mukakalipa, mawa salikhudzanso.

Ndalama ndagawa chonchi: $25 kwa msuweni ya kusindikiza, ulusi ndi pulasitiki. $30 ku Blantyre, kuphatikizapo ya basi. $50 kwa mlamu ya a Chingelezi. Mlamu mufunse mitengo kaye, mutiuze pano musanagule. Ikapanda kukwana, la Kamkwamba ndi la Tavengerwei ayambe, enawo tidzaonjeza pa holide ya Epulo.

Msuweni (Chitungwiza): Ndalamazo titumize pafoni pa EcoCash kapena tibweretse pamanja?

Azakhali (Highfield): Zonse zili bwino, bola zifike Lachisanu. Zotsatira za zala zija zifike kwa mlamu Lachinayi, mwana aliyense ndi buku limene mwamuyesera. Loweruka 2 koloko tikumane kuno kwa agogo kudzasoka ndi kukuta. Achimwene mubwere ndi njerwa zinayi za bokosi.

Achimwene (Mbare): Njerwa ndibweretsa. Singano ayi, imeneyo musandipatse.